Amene amawerengera madzi mvula isanagwe

Patangopita masiku ochepa namondwe wa Freddy atawomba, m'mwezi wa Malichi 2023, tinali pa sukulu ina ya pulayimale mu mzinda wa Blantyre pomwe panasonkhana mabanja amene nyumba zawo zinagwa kapena kutengedwa ndi matope. Tinapitako monga odzipereka pa zaumoyo ochokera ku mpingo, titanyamula zidebe, sopo, kulolini ndi mapaketi a Thanzi. Zimbudzi za pasukulupo zinali zitadzaza kale. Kolera anali asanathe m'dziko muno, ndipo tinkadziwa chimene chimachitika anthu mazanamazana akayamba kudzithandiza kuseri kwa makalasi. Choncho tinasonkhanitsa anyamata, tinabwereka makasu ndi mapiki, n'kusankha malo kumunsi kwa bwalo la mpira, kutali ndi maso a anthu. Dothi linali lofewa, losavuta kukumba. Ife tinati basi tapeza malo.

Dzenje litafika m'mawondo, panatulukira mayi wina atavala gambuti ndi chipewa cholimba chija amavala anthu a zomangamanga. Anali atatumidwa kudzaona ngati makoma a makalasi anali olimba mokwanira kuti anthu azigonamo. Anaima pambali pa dzenje lathu, anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi kumene kunali mjigo, kenako anatipempha mwaulemu kuti tiyambe taima kaye. Anayenda kuchokera padzenjepo kukafika pamjigo akuwerenga mapazi. Sanakwane ndi 20 omwe. Anatiuza kuti chimbudzi chokumba chimayenera kutalikirana ndi potunga madzi ndi mamita 30 kapena kuposerapo, ndipo chizikhala kumunsi kwa chitsime kapena mjigo, osati kumtunda kwake monga tinachitira ife. Anatisonyezanso chinthu chimene tonse tinachiona koma osachilabadira: pansi pa dzenje lathu panali patayamba kale kutuluka madzi. Dothi lofewa lija linali mchenga ndi matope a kakhwawa kamene kanakwiririka kalekale.

Kunena zoona sitinakondwe. Anyamata anali atatuluka thukuta, ndipo malo amene mayiwo anatilozera anali a miyala, pomwe piki inkangodumpha. Ena mwa ife tinkang'ung'udza chapansipansi kuti zaumoyo timazidziwa ndife, iwo apite akaone makoma awo. Komabe tinasamuka. Patatha masiku awiri kunagwanso mvula, ndipo m'mawa mwake dzenje loyamba lija linali dziwe, madzi ake akusefukira molunjika kumjigo umene msasa wonse unkamwapo.

Mayiwo anali injiniya wa zomangamanga. Kuchokera nthawi imeneyo takhala tikucheza nawo, ndipo tinawaitanako kuti adzalankhule pa tsiku la zaumoyo kumpingo kwathu. Zimene tamva kwa iwo zatichititsa kuona ntchito yathu mwatsopano. Matenda ambiri amene timathamangira madzi akasefukira amakhala kuti anayamba kale, zaka zambiri m'mbuyomo, tsiku limene wina anasankha kukula kwa kalavati, kutalika kwa mlatho kapena malo okumbapo chimbudzi.

Masamu a mvula

Kwathu kuno dzina loti injiniya timalimwaza paliponse. Wokonza galimoto ndi injiniya, wokonza wailesi nayenso injiniya. Amene tikunena pano ndi uja m'Chingelezi amati civil engineer, munthu amene amalemba mapulani a misewu, milatho, madamu, ngalande ndi mapaipi a madzi, n'kuyang'anira kuti zimangidwe monga analembera. Mmisiri amayala njerwa. Injiniya ndi amene amayankha funso loti khomalo lipirira kulemera kotani, nanga madzi akabwera adzera kuti.

Funso lachiwirili limayankhidwa ndi masamu oti ngakhale ife tinawamva. A zanyengo akalengeza kuti kwagwa mvula ya milimita imodzi, ndiye kuti pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pagwa lita imodzi ya madzi. Tiyeni titenge denga la malata la mamita 10 m'litali ndi 8 m'lifupi. Kukagwa mvula ya mamilimita 50, imene si yachilendo m'dzinja, dengalo limakhuthula malita 4,000, kutanthauza zidebe 200 zazikulu zija za malita 20. Ilo ndi denga limodzi. Tsopano taganizirani madenga onse amene anamangidwa motsetsereka ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilobwe. Pomwe panali mitengo ndi udzu, madzi ambiri ankalowa pansi pang'onopang'ono. Pa malata, pa simenti ndi pabwalo losesedwa mpaka kuwala, pafupifupi onse amathamanga. Ndipo madzi ndi olemera: malita 1,000 amalemera tani imodzi, chimodzimodzi matumba 20 a simenti. Akamathamanga atasakanikirana ndi miyala, khoma la njerwa zomangira dothi silingalimbane nawo.

Choncho injiniya asanalembe kukula kwa kalavati imodzi yokha, amayamba wayeza dera lonse limene madzi ake amatsikira pamalopo, kutsetsereka kwake, mtundu wa nthaka, komanso kuchuluka kwa mvula imene yakhala ikulembedwa m'deralo kwa zaka zambiri. Kenako amasankha kuti chomangacho chipirire chigumula chachikulu motani. Apa mpomwe pali mawu amene ambirife timawamva molakwika. Akati mlatho wamangidwa kuti upirire chigumula cha kamodzi pa zaka 50, timaganiza kuti chikabwera chaka chino ndiye kuti tapuma mpaka adzukulu athu atakula. Ayi ndithu. Mayi injiniya anatifotokozera ndi thumba la nyemba: muli nyemba 50, imodzi yokha ndiyo yakuda. Chaka chilichonse mumapisamo dzanja osayang'ana, n'kubwezeramo nyemba imene mwatulutsa. Yakudayo mutha kuitulutsa zaka ziwiri zotsatizana.

Chimene chikuwavutitsa mainjiniya masiku ano n'chakuti thumbalo likuoneka ngati lachulukamo nyemba zakuda. Tinaona madzi osefukira mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana ndi wa Gombe kumayambiriro kwa 2022, kenako Freddy. Kalavati imene inawerengeredwa bwinobwino zaka 40 zapitazo, phiri likadali ndi mitengo, lero yachepa ngakhale kuti palibe amene analakwitsa masamu.

Njira imene anadutsa

Mayiwa anakulira ku Nsanje, kutsidya la kum'mawa kwa Shire. Anali mwana wa kupulayimale mu 1997 pamene madzi anadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo otchedwa Mtayamoyo. Kuyambira pamenepo wopita ku Bangula kapena ku boma ankayenera kukwera bwato. Anatiuza kuti chimene chinawakhala mumtima si madziwo ayi, koma odwala amene ankanyamulidwa kufika padoko n'kudikira pamenepo mpaka kuche, chifukwa opalasa ankaopa mvuu ndi ng'ona usiku. Mwana amene wakula akuona zotere saona mlatho ngati chokongoletsa dziko.

Kusekondale analimbikira masamu ndi sayansi, ngakhale kuti anzawo ankati amenewo ndi maphunziro a anyamata. Anasankhidwa kupita ku Polytechnic ku Blantyre, imene kuyambira 2021 inaima payokha n'kumatchedwa Malawi University of Business and Applied Sciences, MUBAS mwachidule. Maphunziro a uinjiniya amatenga zaka zisanu. Kumeneko anaphunzira kuyeza malo, khalidwe la nthaka zosiyanasiyana, kasakanizidwe ka konkire, kulimba kwa zitsulo ndi kayendedwe ka madzi. Koma digiri si mapeto. Womaliza maphunziro amayenera kugwira ntchito zaka zingapo pansi pa injiniya wodziwa kale, asanavomerezedwe kuti angathe kusainira mapulani payekha. Lero bungwe limene limalembetsa mainjiniya ndi Malawi Engineering Institution.

Amene amaganiza kuti iyi ndi ntchito ya muofesi yozizira akanawaona pa ntchito yawo yoyamba. Inali ya msewu, kutali ndi tauni, kogona m'kanyumba ka malata. Tsiku ndi tsiku ankayeza ngati dothi latsenderezedwa mokwanira asanathirepo lina. Konkire ikamathiridwa, ankatapako pang'ono n'kuika m'timabokosi, ndipo timiyala ta konkire timeneti tinkakaphwanyidwa ndi makina patatha masiku 7 komanso 28 kuti aone ngati yafika pa mphamvu imene inalembedwa. Ankakangana ndi amisiri pa nkhani yothirira, chifukwa konkire siilimba pouma ayi, imalimba ikakhala yonyowa, ndipo imafunika kuthiriridwa kwa sabata yathunthu. Ifenso tikamamanga timalakwa pomwepa. Tikaona simenti yauma msanga padzuwa timakondwa, pomwe kwenikweni yafooka.

Kumeneko n'komwe anakumana ndi yesero limene akuti pafupifupi injiniya aliyense amakumana nalo. Kontilakita wina anachepetsa simenti ndipo anaika zitsulo zowonda kusiyana ndi zimene zinali pa pulani ya kalavati. Anawapempha kuti angosaina, envulopu ili patebulo. Anakana. Posakhalitsa anasamutsidwa pantchitoyo popanda chifukwa chomveka, ndipo kwa miyezi ingapo ankayenda ndi mbiri yoti ndi munthu wovuta. Ife a zaumoyo nkhani imeneyi inatikhudza, chifukwa kalavati yobedwa simenti ndi kalavati yabwino zimaoneka chimodzimodzi tsiku lodula riboni. Kusiyana kwake kumadzaoneka usiku wa mvula, ambulansi ili tsidya lino, mayi wodwala matenda a uchembere ali tsidya linalo. Ndipo palibe amene amalemba pa khadi lachipatala kuti imfayo inayambira pa siginecha.

Anatithandizanso kumvetsa chinthu chimene takhala tikuchiona osachimvetsa: mlatho utaima wokha pakati pa mtsinje, msewu utaduka mbali zonse ziwiri. Milatho yambiri sigwa chifukwa cholemedwa ndi magalimoto. Madzi othamanga amakumba pansi pa nsanamira mpaka maziko atalendewera. Nthawi zina mitengo, nsungwi ndi nthochi zokokoloka zimatseka podutsa madzi, mtsinje n'kufuna njira ina, ndipo njira yosavuta ndi dothi limene linaunjikidwa polumikiza msewu ndi mlatho. N'chifukwa chake mainjiniya amadandaula akaona anthu akukumba mchenga pafupi ndi mlatho. Lole iliyonse ya mchenga imene yachoka pamenepo yathandiza mtsinje kufika pamaziko.

Pambuyo pake mayiwa anabwerera kuchigwa cha Shire kukagwira ntchito yomanga madaiki, zimitumbira zazitali za dothi lotsenderezedwa zotchinga midzi, ndi kuika mabokosi a waya odzaza miyala m'mphepete mwa mitsinje. Tinkayembekezera kuti ayamikira madaiki ngati yankho la zonse, koma sanatero. Daiki ikamangidwa tsidya limodzi, madzi amakankhidwira tsidya linalo, kumene kulinso anthu. Ikamangidwa popanda potulukira madzi a mvula ogwa mkati mwa mudzi, madziwo amadikha kuseri kwake, udzudzu n'kuswana, malungo n'kubuka. Imafuna kusamalidwa chaka ndi chaka, chifukwa una wa mbewa, chiswe kapena njira ya ng'ombe ndi zokwanira kuyambitsa mng'alu. Ena amalima pamwamba pake, ena amadula waya wa mabokosi aja kukamangira khola la nkhuku. Choopsa koposa n'chakuti anthu akaona daiki amagona tulo, amamanga nyumba zambiri kuseri kwake ndipo chenjezo likabwera sathawa. Tsiku limene madzi adzaipitirire, amapeza anthu ochuluka kuposa kale.

Kuchokera ku Kapichira kufika pampopi wathu

Kuti tione mmene ntchito imeneyi imafikira m'khitchini mwathu, tikumbukire za 2022. Chakumapeto kwa Januwale chaka chimenecho namondwe wa Ana anawononga damu la pa Kapichira, pa mtsinje wa Shire. Dziko linataya mphamvu ya magetsi ya mamegawati pafupifupi 130, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi athu, ndipo panatenga nthawi yoposa chaka kuti makinawo ayambenso kugwira ntchito. Tonse tikukumbukira mdima wa miyezi imeneyo. Koma si onse amene amadziwa kuti madzi ambiri a mu mzinda wa Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire yemweyo, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwera chitunda cha mamita mazanamazana. Kukweza madzi chotere kumadya magetsi ambiri. Magetsi akavuta, mipopi imavutanso. Mpopi ukauma, mayi sauza ana kuti asamwe madzi, amatenga chidebe n'kupita ku chitsime chosatetezedwa kapena kumtsinje.

Mu Malichi 2022 kolera anabuka m'boma la Machinga, ndipo anafalikira m'maboma onse a dziko lino. Anadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri ya Malawi. Zifukwa zake zinali zambiri, koma ife amene tinkayenda khomo ndi khomo kugawa kulolini tinkapeza zinthu zomwezomwezo: chimbudzi chogwa ndi mvula, mjigo womira m'madzi osefukira, paipi yoduka, ngalande yodzaza zonyansa ikudutsa pamsika. Tinkaphunzitsa kusamba m'manja anthu amene analibe madzi oyera osambira m'manjamo. Uphungu wathu ndi wofunika, sitikuupeputsa, koma umayenda bwino pokhapokha pomwe wina anagwira kale ntchito ya paipi ndi ngalande.

Pali zinanso zimene mainjiniya amasenza zomwe ife sitiziona. Ku Liwonde kuli Kamuzu Barrage, imene inamangidwa mu 1965 ndipo inakonzedwanso m'zaka zaposachedwa. Zitseko zake ndi zimene zimachepetsa kapena kuchulukitsa madzi otsika mu Shire kuchokera ku nyanja. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake. A kunyanja ankafuna zitseko zitsegulidwe kwambiri. Koma kumunsi kuli makina a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo kupitirira apo kuli midzi ya Chikwawa ndi Nsanje. Kupepuza wina ndi kumiza wina. Amene amawerengera zimenezi amadziwa kuti mbali ina iwanena basi.

Ndipo ngakhale zitsekozo zitatsekedwa, chigwa cha Shire chitha kusefukirabe, chifukwa madzi ambiri oopsa amachokera m'mitsinje imene imathira mu Shire kumunsi kwa Liwonde. Woopsa kwambiri ndi Ruo, wochokera kuphiri la Mulanje. Akadzaza, amafika ku Chiromo ndi mphamvu yoti amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzaza dambo la Elephant Marsh. Mu 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudzitsegulira ina. Apa mayi injiniya ananena chinthu chimene sitinkayembekezera kumva kwa munthu wa simenti: dambo limenelo limagwira ntchito imene damu lililonse lomangidwa ndi anthu silingagwire pamtengo womwe dziko lathu lingakwanitse. Limamwa madzi ngati chinkhupule n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Nthawi zina nzeru ya injiniya ndi kudziwa pamene sayenera kumangapo kanthu.

Pamene masamu anena kuti ayi

Masiku ano mainjiniya amakamba za kumanga mokhalitsa ndi mosawononga chilengedwe. Poyamba tinkaona ngati ndi mawu a m'misonkhano ya m'mahotela. Koma taonani njerwa zootcha. Uvuni uliwonse umadya mitengo, phiri likayera madzi amathamanga, ndipo amakagwetsa nyumba yomangidwa ndi njerwa zomwezo. N'chifukwa chake mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu, kulimbikitsa mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zofinyidwa ndi makina. Taonaninso udzu wa vetiva, umene mizu yake imalowa pansi mamita awiri kapena atatu n'kugwira dothi la m'mbali mwa msewu pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi khoma la konkire. Kapena majumbo opyapyala, amene analetsedwa mu 2015 koma akadali mbwee m'ngalande zathu. Injiniya atha kuwerengera kalavati molondola, ife n'kuitseka ndi zinyalala m'miyezi itatu.

Koma pali malo amene palibe ngalande, vetiva kapena khoma limene lingapulumutse munthu. Makolo athu ankati Napolo wadutsa, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Injiniya amafotokoza kuti dothi la pamalo otsetsereka kwambiri likamwa madzi kwa masiku angapo limalemera ndi kutaya mphamvu yogwirana, kenako limatsetsereka pamwamba pa thanthwe, litanyamula miyala ikuluikulu ndi mitengo. Izi n'zimene zinatsika m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, komanso m'mapiri a Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Freddy anapha anthu oposa 600 amene matupi awo anapezeka, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala.

Madzi saiwala khwawa, amatero akuluakulu, ndipo pamenepa mwambi ndi masamu zimagwirizana. Yankho la injiniya pa malo otere ndi lakuti pasamangidwe. Ndi yankho lowawa, ndipo ife amene tinakhala m'misasa ndi anthu aja sitingalinene mopepuka. Amene anamanga m'phiri si opusa. Anamanga kumeneko chifukwa ndi kumene malo anali otsika mtengo, pafupi ndi ganyu ndi msika. Kuwauza kuti asamuke popanda kuwasonyeza kopita, kokhala ndi madzi, sukulu ndi popezera ndalama, ndi kungosamba m'manja. Koma kuwasiya abwerere pa khwawa lomwelo ngati kuti sitinaone kanthu ndi kulakwa kokulirapo. Pa nkhani imeneyi injiniya amangotha kujambula mzere pa mapu. Kuti mzerewo ulemekezedwe zimatengera mafumu, makhansala, ogulitsa malo ndi ife tomwe.

Kwa amene akadali pafupi ndi mapiri, mayiwa anatipatsa zizindikiro zoti tiziphunzitsa pamodzi ndi za kolera: ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo ndi mapolo zoyamba kupendekeka, chitseko chimene chayamba kuvuta kutseka, kasupe wotumphuka pomwe panalibe, mtsinje wosanduka matope mwadzidzidzi kapena wochepa madzi mvula ikugwabe. Chomalizachi n'choopsa kwambiri, chifukwa chimatanthauza kuti kumtunda kwatsekeka ndipo kutha kuphulika nthawi iliyonse. Mukaona zotere musadikire kuti kuche, ndipo pothawa muzipita cham'mbali, osati kutsika motsata khwawa.

Pa nyumba zathu za masiku onse malangizo awo anali osafuna ndalama zambiri monga tinkaopera. Maziko akwere pamwamba pa nthaka ndipo amangidwe ndi simenti ngakhale khoma lotsalalo litamangidwa ndi dothi. Pakati pa maziko ndi khoma paikidwe pulasitiki yoletsa chinyezi. Denga litulukire kunja mokwanira kuti mvula isamenye khoma. Dzenje la chimbudzi m'dothi la mchenga limangidwe njerwa m'kati, ndipo kumene madzi ali pafupi ndi nthaka chimbudzi chikwezedwe m'mwamba m'malo mokumba mozama. Zambiri mwa izi amisiri athu amazidziwa. Amene timazichotsa pa bajeti ndife eni nyumba.

Ana athu

Mwana akamakhoza bwino m'kalasi, makolo ambirife timalota udokotala kapena unamwino, ndipo m'mabanja okonda zaumoyo ngati athu maloto amenewa ndi amphamvu zedi. Palibe cholakwika. Koma takhala tikudzifunsa kuti ndi angati mwa ife amene tinauzapo mwana, makamaka wamkazi, kuti kuyala paipi ya madzi oyera m'mudzi kutha kuteteza anthu ochuluka kuposa amene dokotala mmodzi angawachize pa moyo wake wonse. Njira yake imayambira pa masamu ndi fizikisi za ku Fomu 3 ndi 4, ndipo mwana amene wazithawa pamenepo wadzitsekera khomo asanadziwe n'komwe kuti linalipo. Amene sanafike ku yunivesite asataye mtima. Pa ntchito iliyonse ya msewu kapena mlatho pamafunika oyeza malo, oyeza dothi ndi konkire, akapitawo ndi amisiri ophunzitsidwa bwino m'masukulu a ntchito zamanja, ndipo injiniya wopanda anthu amenewa ali ngati dokotala wopanda namwino.

Tisawanamizenso anawo. Ntchitoyi ndi ya padzuwa ndi m'matope, kutali ndi banja miyezi yambiri. Malipiro amachedwa ntchito ikaima. Mlatho ukaima zaka 50 palibe amene amafunsa dzina la amene anauwerengera, koma ukagwa dzinalo limapezeka tsiku lomwelo.

Tsiku lija mayi injiniya atamaliza kulankhula kumpingo kwathu, sanalole kuti tingowomba m'manja n'kubalalika. Anatulutsa tepi m'chikwama n'kupatsa atsikana awiri a Fomu 2 kuti ayeze denga la tchalitchi. Linapezeka la mamita 24 m'litali ndi 12 m'lifupi. Atsikanawo anawerengera pa bolodi la ana kuti mvula ya mamilimita 50 imatsitsa malita 14,400 kuchokera padengalo. Kenako tonse, akulu ampingo ndi amayi omwe, tinatuluka kukatsata kumene madziwo amapita. Tinatsata kangalande kathu kuseri kwa tchalitchi, kudutsa pansi pa mpanda, mpaka tinakaima pakhoma la chimbudzi cha banja loyandikana nafe, limene si la mpingo wathu n'komwe. Khomalo linali litadyeka kale m'munsi, ndipo mayi wa pakhomopo anatiuza kuti chimbudzi chimenecho n'chachitatu chimangireni tchalitchi chathu.

Mu Okutobala tinakumba ngalande ina yolowera kumsewu ndipo tinadzala vetiva m'mbali mwake. Thanki yokololera madzi a padenga, imene mayiwo anati ndiyo ingachepetse vutoli kwenikweni komanso kutipatsa madzi osambira m'manja, sitinagule. Komiti ikukambiranabe za mtengo wake, ndipo mmodzi wa atsikana aja amafunsa za thankiyo Sabata lililonse.